Sky-Watcher Heritage 130P: galasi labwino lokhala m'chimango chotchipa

Telesikopu ya Sky-Watcher Heritage 130P ndi ya munthu amene akufuna kuyamba kuyang'ana zakuthambo ndi chida chenicheni, osati chidole, koma alibe ndalama kapena malo osungira chimzinga chachikulu. Opanga anaika mtima pa galasi lalikulu, ndipo galasilo ndi labwinodi. Zina zonse zolizungulira anazipanga mongofuna kuchepetsa mtengo. Wogula akudziwa zimenezi sangakhumudwe, chifukwa zolakwika zake zitatu zikuluzikulu zimakonzeka pakhomo ndi ndalama zochepa. Koma amene akuganiza kuti akangotsegula katoni aona zithunzi zamitundumitundu zofanana ndi za telesikopu ya m'mlengalenga ya James Webb zimene zimayenda pa Facebook, sabata yachiwiri aiponya pansi pa bedi.

Kapangidwe kake ndi kaja kamene Isaac Newton anayambitsa mu 1668. Kuwala kumalowera kukamwa, kumatsika mpaka pa galasi lolowa m'kati la mamilimita 130 lomwe lili pansi, kenako kumabwerera m'mwamba n'kugunda kagalasi kakang'ono kopendekeka madigiri 45, komwe kamakutembenuzira m'mbali kumene mwaika diso. Kuchokera pa galasi lalikulu kufika pomwe chithunzi chimapangika pali mamilimita 650. Galasili analisema m'njira ya parabola, ndipo apa m'pamene Heritage imasiyana ndi matelesikopu ambiri a msinkhu womwewu ogulitsidwa m'masitolo a zamagetsi. Ambiri mwa amenewo ali ndi galasi losemedwa ngati chigawo cha mpira, lomwe silisonkhanitsa kuwala konse pa kadontho kamodzi, ndiye mukangokweza mphamvu chithunzi chimasanduka chimbuuzi ngakhale mupotokole bwanji. Phata lake ndi la mtundu wa Dobson, dzina lochokera kwa John Dobson amene ankaimika matelesikopu opangira pakhomo m'misewu ya San Francisco kuti odutsa aoneremo ulere. Ndi thabwa lozungulira ndi mkono umodzi basi: mumakankha ndi dzanja kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi. Mulibe mota, mulibe mawaya, sipafunika magetsi.

Mbali ya kumtunda imatsetsereka pa ndodo ziwiri zachitsulo, kotero mukamaliza mumaikankhira pansi chida chonse n'kufupika. Kulemera kwake pamodzi ndi phata ndi makilogalamu pafupifupi 6, mwana wa sekondale amainyamula yekha. M'katoni mumakhalanso ma eyepiece awiri (timagalasi toikapo diso), ya mamilimita 25 ndi ya mamilimita 10, komanso kolozera ka kadontho kofiira koyendera batire la CR2032, lija lozungulira la m'mawotchi ndi m'makiyi a galimoto. Ku America chida chomwechi chimagulitsidwa ndi bungwe la Astronomers Without Borders pa dzina lakuti OneSky, choncho malangizo ambiri olembedwa pa intaneti okhudza OneSky amagwiranso pano.

Mphamvu yokulitsa mumaipeza pogawa 650 ndi nambala yolembedwa pa eyepiece. Ya 25 imakulitsa ka 26, ya 10 imakulitsa ka 65. Ena akamva manambala amenewa amagwa ulesi chifukwa anaonapo katoni ina yolembedwa 525x. Nambala imeneyo ndi yokopera makasitomala chabe. Chimene chimapatsa telesikopu mphamvu ndi kukula kwa galasi lotolera kuwala, ndipo la mamilimita 130 limatolera kuwala kochuluka pafupifupi ka 345 kuposa mboni ya diso yotseguka mamilimita 7 mumdima. Pa pepala chida ichi chingafike ka 260, koma usiku wambiri mpweya wa m'mwamba sulola kupitirira ka 130 kapena 160. Kupyola pamenepo mumangokulitsa chimbuuzi.

Vuto loyamba mumakumana nalo musanaone n'komwe nyenyezi: muiika pati? Mukaiika pansi, eyepiece imafika cha m'maondo ndipo mumagwada usiku wonse. Mukaiika pa tebulo lapulasitiki kapena la miyendo yopinda, kungokhudza pang'ono chithunzi chimavina kwa masekondi angapo, ndipo pa mphamvu ya 65 kuvinako kumakulanso ka 65. Anthu ambiri amanyoza galasi pomwe wolakwa ndi tebulo. Pitani kwa kalipentala akupangireni kampando kolimba ka miyendo itatu, kotalika masentimita 40 mpaka 50, pamwamba pake potambalala mokwanira timiyendo tonse titatu ta phata. Miyendo itatu siigwedera pa nthaka yosalingana, pomwe inayi imagwedera nthawi zonse. Njerwa zosanjikiza bwino kapena diramu yodzaza madzi zimagwiranso ntchito. Inuyo mukhale pa mpando, chifukwa diso la munthu wokhala pansi limaona zambiri kuposa la munthu wowerama amene msana ukumuwawa.

Vuto lachiwiri ndi focuser, polowetsa eyepiece ndi pokonzera chithunzi kuti chikhale chakuthwa, ndipo ili ndiye lotopetsa kwambiri. M'malo mwa kagudumu kopukusa, pano pali kapaipi ka mazinga kamene mumapotokola pamodzi ndi eyepiece. Mazingawo ndi olobodoka, ndiye eyepiece imapendekeka pang'ono, ndipo mukangochotsa dzanja chithunzi chimene munachikonza chimasokonekera. Mankhwala ake ndi tepi yoyera ija ya mapulambala, ya PTFE, imene amakulunga pa mazinga a mipope. Potokolani kapaipiko mpaka kachoke, kulungani tepiyo kuzungulira mazinga maulendo anayi kapena asanu motsata mbali imene kamalowera pomanga, kenako bwezerani. Kakalimba kwambiri chotsani ulendo umodzi, kakadali kolobodoka onjezani. Tepiyi imaperepeseka pakapita miyezi, ndiye muzisintha, ndipo pochita zimenezi telesikopu igone chopingasa kuti tizidutswa tisagwere pa galasi. Ngakhale mutakonza chonchi, focuser imeneyi sikonda katundu wolemera. Eyepiece yaikulu kapena kamera imakokera mbali ya kumtunda pansi, magalasi n'kusiya kuyang'anizana.

Lachitatu ndi mpata umene umatsala pakati ndodo zikatambasuka. Kagalasi kakang'ono kamakhala pamtetete. Babu la pakhonde la aneba limaunika molunjika m'menemo chithunzi n'kuyera, mpweya wotuluka m'kamwa mwanu umakachita nthunzi, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi mame amakagwira ola lisanathe. Mukaona nyenyezi zowala zayamba kukhala ndi chifunga mozungulira, dziwani kuti mame afika. Musapukute ndi nsalu. Njira yake ndi kutseka mpatawo ndi chophimba: pezani foam yakuda yopyapyala, ya mamilimita awiri kapena atatu, kapena katoni yopyapyala yopaka penti yakuda yosanyezimira. Yezani kuchokera pa mphete ya kumtunda kufika pakamwa pa chubu cha pansi, onjezani masentimita angapo, kulungani kuti ikhale chubu cholowa m'kati mwa chinzake, bowolani poyang'anizana ndi focuser, n'kumata kumtunda kokha kuti izitsetsereka mukamafupikitsa. Mukamaliza chotsani eyepiece musuzumire pabowo: galasi lalikulu lizioneka lonse lozungulira. Likaoneka lodyeka mbali ina ndiye kuti chophimba chalowerera m'njira ya kuwala.

Kuwongola magalasi kumaopsa anthu oyamba, koma ndi ntchito ya mphindi zisanu mukazolowera. Pa chida chachifupi chonchi, malo amene chithunzi chimakhala chakuthwa kwenikweni ndi kabwalo kosakwana mamilimita atatu pakati, ndiye galasi likapendekeka pang'ono, kabwaloko kamachoka pakati pa eyepiece ndipo mapulaneti amaoneka ofewa. Ulendo wa pa msewu wa mabampu ndi wokwanira kulipendeketsa. Chofunika ndi kachitsekero kokwana bwino pa focuser, kobowola kabowo ka milimita imodzi ndi theka pakati penipeni. Chitani masana, telesikopu italoza khoma loyera, ndodo zitatambasuka mpaka kumapeto ndi kumangidwa. Suzumirani pa kabowo. Muyenera kuona kagalasi kakang'ono kali kozungulira, ndipo m'kati mwake muone galasi lalikulu ndi tizitsulo take titatu togwirira m'mphepete, tonse tikuoneka mofanana. Kamodzi kakabisika, tembenuzani pang'onopang'ono timasikuluwu titatu ta kumbuyo kwa kagalasi kakang'ono, kumasula kamodzi n'kumanga kena, mpaka tonse tioneke. Mbali imeneyi sisokonekera kawirikawiri, ndiye ngati ili bwino isiyeni. Ntchito ya nthawi zonse ili kumbuyo kwa galasi lalikulu, komwe kuli masikuluwu asanu ndi limodzi, atatu okhoma ndi atatu owongolera. Masulani okhoma, potokolani owongolera limodzilimodzi mpaka chithunzi cha kabowo kanu chilowe m'kabwalo kolembedwa pakati pa galasi, kenako mangani okhoma mongokhudza. Mukawamanga mwamphamvu amakankha galasi ntchito yonse n'kuwonongeka. Usiku yesani pa nyenyezi yowala: iikeni pakati, pa mphamvu ya 65 kapena kuposa, potokolani focuser pang'ono kuti isungunuke. Izioneka bwalo lowala lokhala ndi kadontho kakuda pakati penipeni. Kadonthoko kakapendekera mbali, bwererani ku masikuluwu.

Kolozera kakonzeninso kusanade. Lozani nsonga ya nsanja ya netiweki yakutali, iikeni pakati pa eyepiece ya 25, kenako potokolani timagudumu ta kolozera mpaka kadontho kofiira kakhale pa nsonga yomweyo. Nsanjayo muiona chadodolido, ndipo si vuto, matelesikopu a Newton onse amatero, n'chifukwa chake chida ichi sichoonera mbalame kapena mpira. Kolozera kamaiwalika kali koyaka, m'mawa batire latha, ndiye khalani ndi lapadera.

Pa nkhani ya dzuwa palibe kunyengerera. Musaloze chida ichi ku dzuwa ngakhale kwa kamphindi, diso limapsa musanaphethire ndipo silichira. Ngakhale ndi sefa ya dzuwa kukamwa, mpata wa m'mbali uja ungalowetse kuwala. Musachisiyenso panja masana chosavundikira pomwe pali ana.

Tulutsani telesikopu mphindi 20 mpaka 30 musanayambe, kuti galasi lizizire kufanana ndi mpweya wa panja. Galasi lofunda limatulutsa mpweya wotentha umene umasokoneza chithunzi. Pa chifukwa chomwecho musayang'ane modutsa pamwamba pa denga la malata kapena khoma la simenti limene laotha dzuwa tsiku lonse, komanso pa kapinga ndi pabwino kuposa pa simenti. Maso nawo amafuna mphindi zofananazo kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kumabweza zonse pambuyo. Pulogalamu ya Stellarium, yomwe imasonyeza thambo la malo anu pa ola lililonse, ili ndi batani losandutsa sikirini kukhala yofiira, ndipo tochi muikulunge ndi pulasitiki yofiira. Thambo labwino kwambiri kwathu kuno limakhala kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itatsuka fumbi, kupatula masiku a chiperoni kummwera. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mitambo kulibe koma utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba zinthu zosawala, makamaka zotsika. M'tauni, usiku umene magetsi azima dera lonse ndi wosafunika kuuphonya.

Tsono zooneka m'menemo. Apa ndi pamene kugula chida ichi kuli ndi phindu lalikulu kwa wokhala ku Lilongwe, Chipata kapena Tete kuposa m'bale wake wa ku London amene angamutumizire, chifukwa zinthu zokongola kwambiri za mu thambo lonse zili kummwera.

Yambani ndi gulu lozungulira la nyenyezi lotchedwa Omega Centauri, madzulo a Epulo mpaka Julayi. Pezani nyenyezi ziwiri zowala zoloza Mtanda Wakummwera. Kuchokera pa imene ili pafupi ndi Mtanda, Beta Centauri, pitani ku Epsilon Centauri, kenako pitirizani mzere womwewo mtunda wofanana. Ndi maso okha muona kanyenyezi kosaoneka bwino, kofewa. Ku Lilongwe imakwera madigiri oposa 55, pomwe ku London situluka n'komwe. Pa mphamvu ya 26 ndi mpira wa chifunga waukulu pafupifupi ngati mwezi wathunthu. Sinthani muike ya 10, dikirani, ndipo musayang'ane molunjika koma pambali pang'ono, chifukwa m'mphepete mwa diso ndi momwe mumamva kuwala kofooka. Chifungacho chimayamba kusweka kuchokera m'mbali, tinyenyezi mazanamazana tikuthwanima ngati shuga wotayikira pa nsalu yakuda, pakati pakadali phala lowala. M'menemo muli nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni, ndipo kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 17,000 kuti kufike. Mu Julayi 2024 akatswiri atasanthula zithunzi zoposa 500 za telesikopu ya Hubble, anapeza nyenyezi zisanu ndi ziwiri pakatikati pake zikuthamanga liwiro loti zikanathawa kale pakanapanda chozigwira. Anawerengera kuti pali black hole, chinthu cha mphamvu yokoka yoti ngakhale kuwala sikutulukamo, yolemera kosachepera ka 8,200 kuposa dzuwa. Simungaione, koma pamalo pake penipeni mukupayang'ana. Madigiri anayi ndi theka kumpoto kwake kuli mlalang'amba wa Centaurus A, ndipo kumudzi kopanda magetsi mzere wakuda wa fumbi woudula pakati umaoneka ndithu.

Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa zolozera ziwiri zija, pa mphamvu ya 65 imagawika kukhala nyenyezi ziwiri zachikasu. Zimazungulirana pa zaka pafupifupi 80, ndipo cha mu 2016 zinayandikana kwambiri, panopa zikutalikirananso, ndiye kuzilekanitsa sikuvuta. Zikakanika kugawika, vuto ndi magalasi osawongoka kapena galasi lofunda. Kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi inayi kufika kuno. Mu Ogasiti 2025 kunalengezedwa kuti James Webb inajambula kadontho pafupi ndi yaikulu mwa ziwirizi, komwe kangakhale pulaneti ya mpweya yolemera mofanana ndi Saturn, koma atayang'ananso sanakapeze, choncho nkhaniyo ikadali yodikira umboni wina.

Pambali pa Beta Crucis, mu Mtanda momwemo, pali kagulu ka NGC 4755 komwe nyenyezi imodzi yofiira imakhala pakati pa zoyera ndi zobiriwira mwa buluu. Aka n'kamodzi mwa zinthu zochepa zimene mtundu wake umaonekadi ndi diso. Mitambo ya mpweya ndi milalang'amba zimaoneka zotuwa, chifukwa diso mumdima silisiyanitsa mitundu, ndipo zithunzi za Webb zimajambulidwa ndi galasi la mamita 6.5, makamaka mu kuwala kwa infrared kumene diso silikuona, mitundu n'kuikidwa pambuyo. Komabe mtambo wa Carina, wokuta nyenyezi ya Eta Carinae imene mu 1843 inawala mpaka kukhala yachiwiri mu thambo lonse la usiku, umadzaza eyepiece ya 25 ndi mizere yakuda youdula, ndipo pano kufupika kwa chida kumathandiza: eyepiece imeneyi imaonetsa dera la madigiri pafupifupi awiri, lokwana mwezi wathunthu kanayi mondandalika. Matelesikopu aatali sangakwanitse zimenezo. Nsangwe zimakwana zonse nthawi imodzi, ndipo m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, pakati pa Mlalang'amba pakakhala pamutu, mukhoza kutha ola mukungoyendetsa chida pang'onopang'ono kudutsa Sagittarius ndi Scorpius.

Kuyambira Okutobala, kummwera kumakwera 47 Tucanae, gulu lina lozungulira lothinana pakati kuposa Omega, kenako Mtambo Waukulu wa Magellan, mlalang'amba woyandikana ndi wathu pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 160,000. M'kati mwake mtambo wa Tarantula umaoneka bwino pa 65. Cha pambali pake m'pamene nyenyezi inaphulika mu Febuluwale 1987, ndipo mmodzi mwa oyamba kuiona anali Albert Jones wa ku New Zealand, woyang'ana nyenyezi mongokonda, pa telesikopu yopanga yekha. Mu Febuluwale 2024 Webb inapereka umboni wakuti pakati pa zotsala zake pali nyenyezi ya neutron, phata lothinana kwambiri la nyenyezi yophulikayo, imene akatswiri anaifunafuna zaka zoposa 30. Tsoka lake n'lakuti Mtambowu umakwera bwino nthawi ya dzinja, ndiye mumadalira usiku umene mvula yakata. Nthawi yomweyo, pafupi ndi Akamwiniatsatana, mtambo wa Orion umaonetsa tinyenyezi tinayi ta Trapezium pakati pake.

Mwezi sufuna mdima kapena luso. Uyang'aneni uli theka, m'malire a kuwala ndi mdima momwe mithunzi ndi yaitali. Ukakhala wathunthu umathobwa m'maso ndipo maenje saoneka bwino. Copernicus, dzenje la makilomita 93, limaonetsa makoma a masitepe ndi timapiri pakati, ndipo mpweya ukadekha mumafika pa zinthu za makilomita awiri kapena atatu. Alendo amafunsa za mbendera ya Apollo kapena chombo cha India cha Chandrayaan-3 chomwe chinatera kummwera kwa mwezi pa 23 Ogasiti 2023. Zimenezo n'zazing'ono kwambiri, palibe telesikopu ya pansi pano imene imaziona.

Pa mapulaneti m'pamene eyepiece ya 10 imaonetsa kufooka kwake. Ya 25 ndi yabwinobwino, koma ya 10 ili ndi kabowo kakang'ono, diso limachita kugunda galasi, ndipo chithunzi sichakuthwa. Ngati pali chinthu chimodzi choti muwonjezere, gulani eyepiece ya mamilimita 6 ya dera lotambalala, yomwe imapereka mphamvu ya 108, kapena ya 5 yopereka 130. Dera lotambalala n'lofunika chifukwa phata ili silitsata thambo. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye pa 65 pulaneti imadutsa kuchoka mbali ina kufika ina m'mphindi zitatu, pa 130 zosakwana ziwiri. Ikani pulaneti m'mphepete, chotsani manja, muisiye idutse yokha, kenako kankhaninso. Kwathu kuno mapulaneti amadutsa pafupi ndi pamutu, zomwe n'zabwino ku chithunzi koma zovuta ku phata la Dobson, chifukwa chubu chikaloza m'mwamba penipeni kutembenuza phata sikusuntha chithunzi bwino. Yang'anani ola limodzi isanafike pamutu kapena itapitirira.

Jupiter imaonetsa malamba awiri akuda ndi miyezi inayi imene Galileo anaona mu 1610, ndipo imasintha malo usiku womwewo, makamaka Io yomwe imazungulira m'masiku osakwana awiri. Pa 108 mthunzi wa mwezi ukamadutsa pa pulaneti umaoneka kadontho kakuda bii, ndipo banga lake lalikulu lofiira limaoneka mpweya ukadekha ndiponso likakhala mbali yoyang'ana kuno, paja Jupiter imazungulira m'maola osakwana 10. Kumodzi mwa timadontho tinayito, Europa, n'kumene chombo cha Europa Clipper chikupita: chinanyamuka pa 14 Okutobala 2024 ndipo chikuyembekezeka kufika mu 2030. Mphete za Saturn zimaoneka ngakhale pa 65. Pa 23 Malichi 2025 zinatiyang'ana cham'mbali n'kukhala kamzere chabe, ndipo zikutseguka pang'onopang'ono mpaka cha mu 2032, ndiye mpata wakuda wa Cassini, umene uli pakati pa mphetezo, uzioneka mosavuta chaka ndi chaka. Mu Malichi 2025 momwemo kunalengezedwa miyezi yatsopano 128 ya Saturn, yonse pamodzi n'kufika 274. Mu Heritage muona Titan mosavuta, Rhea ndi ina iwiri kapena itatu usiku wabwino, basi. Nthanda, pulaneti ya Venus, imaonetsa kukula ndi kuchepa mofanana ndi mwezi. Mars ndi yokhumudwitsa kupatula pamene yayandikira, zomwe zimachitika pa miyezi 26 iliyonse, ndipo ngakhale mu Febuluwale 2027 idzakhala yaing'ono.

Amene akufuna kuti kuyang'ana kwawo kuthandize sayansi ayese nyenyezi ya T Coronae Borealis, yomwe ili kumpoto madzulo a Meyi mpaka Ogasiti, digiri imodzi kuchokera pa Epsilon Coronae Borealis. Inaphulika mu 1866 ndi 1946, ndipo kuyambira 2024 akatswiri akhala akuidikirira kuti iphulikenso. Masiku wamba ndi kanyenyezi ka magnitude 10 (muyeso wa kuwala kwa nyenyezi), kosaoneka ndi maso koma kofikirika ndi galasi ili, ndipo ikaphulika imawala mokwanira kuoneka popanda chida kwa masiku ochepa. Bungwe la AAVSO, la oyang'ana nyenyezi zosinthasintha kuwala, lomwe linayamba mu 1911, limapereka mapu ofanizira kuwala ndipo limalandira miyeso ya anthu wamba oyeza ndi diso.

Kujambula ndi chida ichi kumathera pa mwezi ndi mapulaneti owala, pogwirizira foni pa eyepiece. Zinthu zofooka zimafuna phata lotsata thambo.

Kasamalidwe n'kosavuta: vundikirani mukamaliza, koma ngati chagwidwa mame chisiyeni chiume m'nyumba kaye musanatseke, apo ayi nthawi ya dzinja galasi limachita nguwi imene imadya aluminiyamu wonyezimira wopakidwa pamwamba pake. Ikani timapaketi ta silica gel m'katoni. Fumbi lochepa pa galasi silisintha chithunzi, ndipo magalasi ambiri amawonongeka ndi kupukuta osati ndi fumbi. Likada kwambiri, mwina pakatha zaka ziwiri, lichotseni, liviikeni m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, yendetsani thonje lonyowa popanda kudinikiza, tsukuluzani ndi madzi a distilled, n'kuliimika chopendekera liume lokha. Pobwezera, tizitsulo togwirira tingokhudza galasi. Tikapana, nyenyezi zimaoneka za makona atatu.

Pogula kunja, pa mtengo wa m'sitolo onjezani ndalama zotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu, ndipo ngati akubweretsa ndi m'bale, katoni yake ya m'sitolo isatayidwe chifukwa ndi imene imateteza galasi pa ulendo. Chikafika, wongolani magalasi musanaweruze chilichonse. Ngati ndalama zikulola, Heritage 150P ndi chida chomwechi chokulirapo, galasi la mamilimita 150 ndi kutalika kwa 750, chotolera kuwala kochuluka ndi gawo limodzi mwa atatu, koma focuser ndi mpata uja ndi zomwezo. Dobson ya mamilimita 200 yoima pansi imaposa zonsezi kutali ndipo sifuna tebulo, kungoti imalemera makilogalamu oposa 20 ndipo kuitumiza n'kodula. Wofuna zithunzi za mitundu osati kuona ndi diso aganizire ZWO Seestar S50, ya lenzi ya mamilimita 50, yomwe imadzilozera yokha n'kutumiza zithunzi ku foni, koma ilibe poika diso, mapulaneti imawaonetsa tating'ono, ndipo imadalira kutchaja. Ndipo amene sanayambe wapezapo Mtanda Wakummwera kapena Scorpius ndi maso okha ayambe ndi mabayinokula a 10x50 ndi Stellarium kwa miyezi ingapo, chifukwa Heritage 130P siikupezerani chilichonse: kolozera kake kamangoonetsa kadontho kofiira, ndipo kumene mungakaloze muyenera kukudziwa nokha.